Lipoti la nkhani: zipangizo zotsika mtengo zoswetsera mlamba pa kalabu ina ya alimi a nsomba ku Zomba

Lipoti ili ndi la kalabu ina ya alimi a nsomba ya m'munsi mwa phiri la Malosa, m'boma la Zomba, imene inayamba kuswetsa mlamba pobaya nsomba zazikazi jekeseni ndi kusakaniza mazira ndi umuna m'mbale, koma patangopita miyezi yochepa mazira anayamba kufa ulendo uliwonse. Ndinagwira nawo ntchito monga mlangizi kuchokera pamene vutoli linaoneka kufikira pamene anayamba kugulitsa mbewu, kutanthauza tiana ta nsomba tokaweta m'madamu. Ndalemba poganizira alangizi anzanga ndiponso aliyense wofuna kukonza malo oswetsera nsomba ndi ndalama zochepa, chifukwa zimene tinapeza kumeneko zikusonyeza kuti chipangizo chotsika mtengo chimagwira ntchito bwino lomwe ngati chayamba chayesedwa pochiyerekeza ndi chinthu chodziwika kale, pamene chinthu chongotola m'nyumba osachiyesa chingathe kupha mbewu yonse.

Mmene zinthu zinalili

Alimi ambiri a kuno amaweta makumba ndi chilunguni, nsomba zimene zimaswana zokha m'damu. Mlamba, umene asayansi amautcha Clarias gariepinus, suli choncho. Umakula msanga, umapirira madzi a mpweya wochepa chifukwa uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja, ndipo wowamba suchedwa kutha pa msika wa Zomba, koma m'damu suikira mazira wokha kawirikawiri. Kutchire umadikira mvula, madzi akasefukira m'madambo monga a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, n'kukaikira pa udzu womira. M'damu la mlimi, waukazi umakhwimitsa mazira n'kungokhala nawo m'mimba. Amene ankafuna mbewu ya mlamba ankadalira tiana totola kunyanja ndi m'madambo, koma nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995 ndipo inaphweranso kwambiri mu 2018, si gwero loti munthu aziliwerengera chaka ndi chaka. Ku Domasi kuli malo a boma ofufuzira ndi kuphunzitsira ulimi wa nsomba, ndipo luso lokumba madamu linafalikira kale m'derali. Chimene kalabu iyi inafuna ndi kupita patsogolo pang'ono, kuti izipanga yokha mbewu ya mlamba ndi kugulitsako kwa anzawo.

Njira yochitira zimenezi si yatsopano, pakuti inayambira ku Brazil m'zaka za m'ma 1930. Nsomba yaikazi ya mazira okhwima imabayidwa mahomoni, kaya ogula m'botolo monga Ovaprim, amene mlingo wake ndi theka la mililita pa kilogalamu imodzi ya nsomba, kaya ochokera m'kachiwalo kotchedwa pituitary, kamene kamakhala pansi pa ubongo wa mlamba wina. Pakapita maola angapo mazira amamasuka ndipo amakamidwira m'mbale youma. Mlamba waumuna sukamika, chifukwa kapangidwe ka ziwalo zake kamatsekereza umuna, choncho umaphedwa, ziwalo zosunga umuna n'kuchotsedwa ndi kufinyidwa. Umuna wa nsomba za m'madzi opanda mchere umakhala chete mpaka utakhudza madzi, ndipo ukangowakhudza umayenda kwa nthawi yosapitirira pafupifupi mphindi imodzi, kenako watha. Dzira nalo likakhudza madzi, kabowo kolowera umuna sikachedwa kutsekeka. Ntchito yonse yagona pa kusunga mazira ndi umuna kutali ndi madzi mpaka pa mphindi imene munthu wasankha yekha.

Zizindikiro zoyamba

Mamembala awiri a kalabuyi, mayi wina ndi mnyamata wina, ndi amene anaphunzitsidwa njirayi kwa masiku ochepa. Ulendo wawo woyamba unali mu Januwale, mvula ili mkati ndipo kukutentha, ndipo tiana tinaswa tokwanira kuwalimbitsa mtima. Atayesanso mu Epulo ndi mu Meyi zinthu zinasintha. Mazira ankavuta kutuluka, ndipo akafinya mwamphamvu ankatuluka ali zibuma zosakanikirana ndi magazi. Ochepa amene atuluka bwino ankasanduka oyera pofika madzulo, m'malo mokhala obiriwira moderako ndi oonekera mkati. Chizindikiro china, chimene poyamba palibe anachiganizira kwambiri, chinali chakuti ngakhale tiana tochepa timene taswa tinkangozungulirazungulira pansi pa beseni n'kufa tsiku lisanathe.

Amayi amene anali wapampando wa kalabu anandiitana ali ndi maganizo okhazikika kale. Anati, "Alangizi, tithandizeni kulemba kalata yopempha makina kwa akuluakulu, chifukwa ndi mabeseni athuwa sitipita patali." Pempho lawo linali lomveka, popeza anali atataya milamba ikuluikulu yaimuna ingapo ndi ndalama za mahomoni popanda phindu. Ndinawapempha kuti tisanalembe kalatayo andilole ndionerere ulendo umodzi wathunthu, kuyambira posankha nsomba mpaka mazira ataikidwa m'madzi, iwo akuchita zonse monga mwa masiku onse, ine osasintha kanthu. Ndinabwera ndi zinthu ziwiri zokha, choyezera kutentha kwa madzi ndi kope lolembamo nthawi.

Zimene zinapezeka

Nsomba zazikazi ankazisankha poona kukula kwa mimba ndi kufewa kwake. Njira imeneyi imathandiza nthawi ya dzinja, pamene pafupifupi yaikazi iliyonse yaikulu ili ndi mazira okhwima, koma mvula ikatha ndipo madzi ayamba kuzizira, mimba yaikulu ingakhale ya chakudya, ya mafuta, kapena ya mazira amene thupi layamba kale kuwasungunula. Panalibe njira yoonera mazira enieniwo nsomba isanabayidwe.

Nkhani yaikulu inali ya nthawi. Anaphunzitsidwa kubaya cha m'ma 8 koloko usiku ndi kukama 6 koloko m'mawa, ndipo lamulo limeneli analigwira monga mmene analilandirira. Koma nthawi imene mazira amatenga kuti amasuke imadalira kutentha kwa madzi amene nsombayo ilimo. Malinga ndi ziwerengero zimene bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi pa dziko lonse, linafalitsa m'malangizo ake oswetsera mlamba, pa madigiri 28 pamafunika maola pafupifupi 8, pa madigiri 25 maola pafupifupi 11, pa madigiri 22 maola opitirira 15, ndipo pa madigiri 20 maola pafupifupi 21. Maola 10 amene iwo ankadikira ndi oyenera madzi a madigiri 26, amene ndi a mu Januwale. Usiku umene ndinaonerera, madzi a m'beseni, amene anatungidwa mu ngalande yochokera m'kamtsinje kotsika m'phiri, anali pa madigiri 22 pobaya ndipo anatsikanso m'bandakucha. Pa 6 koloko mazira anali asanamasuke, ndipo mnyamata uja, poona kuti nthawi yakwana, anafinya ndi mphamvu mpaka magazi kutuluka. Sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono, chifukwa palibe anamuuza kuti wotchi payokha siikwanira.

Umuna nawo unkaonongeka usanafike pa mazira. Waumuna ankaupha kukangocha, asanaone n'komwe ngati yaikazi yakonzeka, ndipo umunawo ankausungunula m'madzi a mchere odzipangira. Madzi amenewa amayenera kukhala a magalamu 9 a mchere pa lita imodzi, mlingo umene umasunga umuna uli chete. Chimene chinatsala m'mitu ya anthu chinali chakuti "supuni imodzi m'botolo", koma kukula kwa botolo kunaiwalika. Tsiku limenelo anagwiritsa ntchito botolo la malita awiri, kutanthauza kuti mchere unali wochepa kwambiri, ndipo umuna unadzuka n'kufera m'kapu momwemo. Mbale yokamira nayo inali itangotsukidwa kumene, madontho a madzi adakali m'mbali, ndipo nsomba sinapukutidwe, moti madzi a pathupi pake ankadonthera pa mazira.

Pomaliza, mazira onse anathiridwa pa kansalu kamodzi m'beseni limodzi la madzi osayenda. Galamu imodzi ya mazira a mlamba imakhala ndi mazira pafupifupi 600, choncho yaikazi ya kilogalamu imodzi ingapereke mazira masauzande makumi angapo. Akaunjikana, a pansi amasowa mpweya, ndipo akufawo amamera chuku choyera chimene chimafalikira kwa amoyo. Zonsezi zinafotokoza chifukwa chimene mazira ankafera, koma sizinafotokoze bwino imfa ya tiana toswa kale, ndipo funso limeneli ndinalilemba padera m'kope.

Zimene tinagwirizana ndi zifukwa zake

Chigamulo choyamba chinali chovuta kulandira: kusiyiratu kuswetsa kuyambira Juni mpaka kutentha kutabwerera. Mamembala ena anaona ngati ndikuwabweza m'mbuyo. Ndinawafotokozera kuti m'miyezi yozizira mazira a nsomba za m'damu sakhala abwino, kuti pa madigiri 20 mazira amatenga maola opitirira 50 kuti aswe pamene pa madigiri 27 amaswa tsiku lisanakwane, ndipo kuti nthawi yonse yowonjezerayo ndi mwayi wa chuku. Kupitiriza kukanangomaliza milamba yaimuna. Tinagwirizana kuti miyezi imeneyo tiigwiritse ntchito kudyetsa bwino makolo a nsomba, aamuna ndi aakazi m'madamu osiyana, ndi kukonza zipangizo. Tinaikanso lamulo limodzi, loti chipangizo chilichonse chopangidwa kapena chogulidwa motchipa chiyesedwe chisanakhudze nsomba.

Choyezera kutentha tinagula cha galasi, cha mtundu umene amagwiritsa ntchito m'malabotale a sukulu. Tinachiyesa pochiviika m'kapu yodzaza ndi ayezi wophwanya amene wayamba kusungunuka, pamene chiyenera kusonyeza madigiri 0, kenako m'madzi ofunda pamodzi ndi choyezera kutentha kwa thupi cha kuchipatala, chimene chimawerenga bwino cha m'ma madigiri 37. Zoyezera zagalasi zimene tinagula zinali ziwiri, zinasiyana ndi digiri imodzi, ndipo cholakwikacho tinachimata kapepala kosonyeza zoti aziwonjezera. Digiri imodzi ingaoneke yochepa, koma pa madzi ozizira ndi kusiyana kwa maola awiri kapena kuposa. Kenako mnyamata uja analemba ndi penti pa khoma la shedi mndandanda wa madigiri ndi maola ake, pamalo oti aliyense wobaya jekeseni aziuona.

Pofuna kuti madzi asazizire usiku, tinapeza filiji yakufa kwa wokonza mafiliji m'tauni, tinaichotsa zitsulo ndi mapaipi, kuitsuka bwino, kuigoneka chagada ndi kuyala pepala lapulasitiki lolimba mkati. Makoma a filiji amasunga kutentha monga momwe amasungira kuzizira. Chitseko tinachiboola ndipo sitinkadzaza madzi, chifukwa mlamba umakwera kudzapuma pamwamba ndipo ukatsekeredwa umafa. Mkati tinagawa pawiri ndi thabwa, popeza zazikazi zobayidwa zikakhala pamodzi zimalumana koopsa. Madzi ankachokera mu mgolo wopakidwa penti yakuda kunja, umene unkakhala padzuwa tsiku lonse. Tisanaikemo nsomba tinayesa usiku wathunthu ndi madzi okha, tikulemba kutentha madzulo, pakati pa usiku ndi m'mawa, ndipo madzi anatsika pang'ono chabe poyerekeza ndi a m'beseni loyandikana nalo. Ubwino wina wa njirayi ndi wakuti siidalira magetsi.

Chipangizo chimene ndimachiwerengera kwambiri ndi kachubu kotengera mazira. Chimene chimafunika ndi kachubu kofewa ka pulasitiki, kunenepa kwake kunja mamilimita 2 kapena kupitirira pang'ono, ndipo bowo lake lokwanira dzira kudutsa. Timachubu todyetsera makanda kudzera m'mphuno, timene timagulitsidwa m'masitolo a mankhwala, timakwanira bwino. Ka saizi 8 kanayenerera nsomba zathu zazikulu. Nsonga yake imakhala yotseka, ndi timabowo m'mbali, choncho tinaidula ndi lezala n'kuiyandikiza pang'ono ku lawi la kandulo kuti m'mphepete musakhale mwakuthwa, ndipo tinaika chizindikiro pa masentimita 5. Kumapeto kwina tinalumikiza sirinji. Nsomba imakutidwa kumutu ndi thaulo lonyowa kuti ikhale bata, kachubu kamalowetsedwa pang'onopang'ono potulukira mazira, ndipo sirinji imakokedwa pang'ono uku kachubu kakutulutsidwa. Ngati kakukana kulowa, sikakakamizidwa. Mayi wophunzitsidwa uja anayamba kuyeserera pa nsomba zimene zinali zoti zikawambidwe, ndipo tinkazitumbula pambuyo pake kuti aone yekha pamene nsonga inafika ndiponso ngati yaboola kanthu.

Poyeza mazirawo sitinafunike maikulosikopu. Tinamata pepala la gilafu, la timizere totalikirana milimita imodzi, kunsi kwa kagalasi, ndipo mazira amaikidwa pamwamba ndi dontho la madzi a mchere. Dzira limodzi ndi lovuta kuliyeza ndi maso, koma mazira khumi akandandalikidwa mzere umodzi mokhudzana, kutalika kwake kumawerengeka mosavuta. Mzere ukafika mamilimita 11 kapena 12, mazira ali ofanana kukula ndiponso obiriwira, nsombayo ndi yoyenera kubayidwa. Akakhala osakanikirana, ena aakulu ena aang'ono, kapena otuwa ndi osweka, nsomba imabwezeredwa m'damu ndipo mahomoni apulumuka.

Za madzi a mchere, ndinalangiza kuti asiye kudzipangira ndi supuni. Thumba la madzi a mchere a diripi, lolembedwa 0.9%, silidula, ndi laukhondo, ndipo limodzi limakwanira maulendo angapo ngati akutengamo ndi sirinji yatsopano. Pa masiku amene thumbalo lingasowe, tinagula kasikelo kakang'ono ka batire, ndipo tinakayesa ndi madzi: mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi, choncho mamililita 10 a mu sirinji ayenera kusonyeza magalamu 10. Botolo la lita imodzi tinalilemba mzere ndi dzina, kuti lisasinthidwenso. Kasikelo komweko n'kamene kamayeza kulemera kwa mazira okamidwa.

Pofuna kuchepetsa ndalama za mahomoni, tinayamba kusunga pituitary wa mlamba uliwonse wokhwima umene waphedwa. Mutu umadulidwa, chibade chimatsegulidwa chakunsi, ndipo kachiwaloko kamaoneka koyererako, kakang'ono ngati kanjere ka mapira. Kamaikidwa mu acetone, mankhwala amadzimadzi ochotsa madzi ndi mafuta, amene amasinthidwa kangapo m'kati mwa tsiku limodzi, kenako kamaumitsidwa pamthunzi ndi kutsekeredwa m'kabotolo kouma. Pa tsiku lobaya kamaperedwa m'kakapu ndi msana wa supuni, kusakanizidwa ndi mililita imodzi kapena awiri a madzi a mchere, ndi kubayidwa mu mnofu wa pamsana, kachiwalo kamodzi kochokera ku nsomba yolemera mofanana ndi yobayidwayo. Ndichenjezeko pano kuti mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ngakhale ambiri ali ndi acetone, amasakanizidwa ndi mafuta ndi zonunkhiritsa, ndipo sayenera kulowa m'malo mwake.

Tinapanganso choonera tinthu ting'onoting'ono pomata kagalasi kochokera mu tochi ya laser pa kamera ya foni. Titachiyerekeza ndi maikulosikopu ya pa sukulu ina ya sekondale, tinapeza kuti chimaonetsa bwino mazira ndi kamwana kakukula mkati, koma pa umuna chimangosonyeza kuwinduka kwa dontho lonse, osati timaselo ta umuna patokhapatokha. Chinatithandiza kamodzi m'njira yofunika: mamembala anadzionera okha kuti dontho la umuna m'madzi a diripi limakhala duu, likathiridwa madzi wamba limawinduka, ndipo posakhalitsa limazima. Kupatula phunziro limenelo, sindikuona kuti kalabu iliyonse ikufunika kukhala nacho.

Pamene nkhani inatembenukira

Titafika pokonza mathireyi oyalapo mazira, ndinafunsa za kansalu kamene ankagwiritsa ntchito. Mayi uja anafotokoza kuti mu Januwale anali ndi kachidutswa ka neti ya hapa, yosungiramo tiana ta nsomba m'damu, kamene anabwera nako kuchokera kumaphunziro, koma katang'ambika anadula neti yogonamo yoteteza udzudzu, yatsopano, chifukwa mabowo ake anali ofanana. Anawonjezera kuti anaichapa kawiri ndi sopo.

Maneti amene amagawidwa pofuna kupewa malungo amakhala ndi mankhwala a gulu la pyrethroid, monga deltamethrin ndi permethrin, amene pa mlingo wa mu neti savulaza munthu koma ndi poizoni woopsa kwa nsomba, makamaka tiana. Maneti amenewa anapangidwa dala kuti mankhwala asachoke msanga, ndipo muyezo wa bungwe la WHO umafuna kuti akhalebe amphamvu atachapidwa maulendo 20. Kuchapa kawiri sikukanachotsa kanthu. Komabe sindinafune kuti angokhulupirira mawu anga, ndipo inenso ndinafuna umboni wa neti yeniyeniyo. Tinatenga mabeseni atatu a madzi ofanana, lina la chidutswa cha neti ija, lina la kansalu kapulasitiki kotchingira udzudzu pa mawindo, ndipo lachitatu lopanda kanthu, n'kuikamo tiana ta makumba tochuluka mofanana. Pasanapite nthawi yaitali, tiana ta m'beseni la neti tinayamba kuthamanga mosokonekera, kugwedezeka ndi kugona cham'mbali, ndipo pofika m'mawa tinali titafa. Ta m'mabeseni awiri enawo tinali tamoyo.

Wapampando uja anayang'ana mabeseniwo kwa nthawi, kenako anati, "Ndiye kuti ngakhale makina akanabwera, tikanayalamo neti yomweyi." Kalata yopempha makina sinatchulidwenso. Kwa alangizi anzanga, ndikupempha kuti funso la neti lizifunsidwa pa ulendo woyamba penipeni, chifukwa pafupifupi nyumba iliyonse ili nayo, imaoneka yoyenera ntchitoyi, ndipo mlimi sadzaitchula yekha popeza saiona ngati vuto. Malo a neti imeneyi ndi pa bedi, pamene imateteza ana ku malungo. Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse chokhudza madzi a mazira, kaya ndi guluu, penti, payipi kapena mgolo umene sitikudziwa zimene unasungapo kale, chinkayamba chagona usiku umodzi m'beseni la tiana ta makumba. Mgolo umodzi wogulidwa pa msika unalephera mayeso amenewa ndipo unachotsedwa.

Mathireyi tinawapanga ndi mapaipi apulasitiki opyapyala olumikizidwa m'makona anayi, n'kukungapo kansalu ka pawindo kaja, ka mabowo a pafupifupi milimita imodzi. Waya wachitsulo tinamukana chifukwa amachita dzimbiri. Thireyi imakhala pansi pa madzi pang'ono, osakhudza pansi pa beseni, ndipo madzi amalowa pang'onopang'ono kuchokera mu mgolo wokwezedwa n'kutulukira pa kabowo kotchingidwa ndi kansalu. Kukula kwa mabowo kuli ndi ntchito yake: dzira limamatirira pamwamba, koma kamwana kakaswa kamadutsa n'kugwera pansi, ndipo thireyi ikanyamulidwa imachoka ndi makoko ndi mazira akufa onse.

Zimene zinachitika pambuyo pake

Tinayambiranso mu Novembala. Mwa zazikazi zimene anagwira, kachubu kanasonyeza kuti zina za mimba zazikulu zinali zisanakonzeke, ndipo zinabwezeredwa. Imene inasankhidwa inabayidwa 8 koloko usiku, madzi a m'filiji ali pa madigiri 26. Kutatsala ola limodzi kuti nthawi ya pakhoma ikwane, mayi uja anayamba kuyesa mwa kusisita mimba pang'ono, n'kubwerezanso pakapita theka la ola, chifukwa mazira akapitirira nthawi yake amaonongekanso msanga. Atangoona kuti akutuluka okha popanda kufinya, m'pamene mnyamata uja anapha waumuna, kupukuta ziwalo zija kuti pasakhale magazi kapena madzi, kuzicheka ndi lezala ndi kufinyira umuna m'kapu youma ya madzi a diripi pang'ono. Yaikazi inapukutidwa ndi thaulo, mazira anatsetserekera m'mbale youma, ndipo kukama kunalekeka pamene kadontho koyamba ka magazi kanaoneka. Anathira umuna, kusakaniza ndi nthenga ya nkhuku youma, kuthira madzi oyera ochuluka ngati mazirawo, kutakasa kwa mphindi imodzi, ndi kuyala msanga pa mathireyi mazira asanayambe kumatana, dzira lililonse pa malo ake. Mazira amene sanakwane pa mathireyi anatayidwa, ngakhale kuti zinawawa, chifukwa kuunjika kukanaononga onse.

Pofuna kudziwa mmene zayendera popanda kungoganizira, tinapatula mazira 100 m'kambale kosiyana koyandama m'madzi omwewo. Pofika madzulo oyera anali ochepa, ndipo m'mawa mwake ambiri ndithu anali ataswa. Kambale kameneka kanasanduka mwambo wa ulendo uliwonse, ndipo zotsatira zake zimalembedwa m'kope pamodzi ndi kulemera kwa nsomba, nthawi yobaya, kutentha ndi nthawi yokama. Ubwino wake ndi wakuti kamasiyanitsa mavuto: mazira akafa m'kambale ndi pa thireyi pomwe, vuto lili ku makolo, ku nthawi kapena ku umuna, akafa pa thireyi pokha, vuto lili ku madzi kapena ku chipangizo. Ulendo wina mu Disembala mazira anafa pa thireyi imodzi yokha, ndipo kalabu inapeza yokha, ine kulibe, kuti kampopi kanatsekeka ndi matope a mvula. Anaika sefa ya mchenga ndi nsalu pa mgolo.

Kuswa kutatheka, vuto linasamukira patsogolo, monga zimachitikira kawirikawiri. Kamwana ka mlamba kamadya chakudya cha m'kathumba ka pamimba pake kwa masiku atatu, ndipo pambuyo pake kamafuna tizilombo tamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi. Gulu loyamba linachepa kwambiri m'sabata yachiwiri chifukwa chakudyachi sichinali chokwanira, ndipo tiana tina tokula msanga tinayamba kumeza tinzake. Kalabu inakonza kadamu kakang'ono kothira manyowa a nkhuku masiku angapo ulendo usanachitike, kuti madzi abiriwire ndi kuswa tizilomboto, timene amatisefa ndi kansalu kosalala. Kadamu kolerera anakazinga ndi mpanda wa pulasitiki kuti achule asalowe, ndipo sabata iliyonse amachotsa tiana tokula kuposa tinzake pogwiritsa ntchito beseni lodulidwa mipata yofanana pansi.

Pofika kumapeto kwa dzinja limenelo, kalabu inali itadzaza madamu ake ndipo inagulitsa mbewu kwa alimi a m'midzi yoyandikana nayo. Nkhani imene ikadali pa tebulo ndi ya makolo. Ulendo uliwonse umadya waumuna mmodzi kapena awiri, ndipo nthawi zonse amasankhidwa aakulu ndi athanzi, moti otsala akucheperachepera ndipo ambiri ndi a mimba imodzi ndi zazikazi zimene adzakwatitsidwe nazo. Ndalangiza kuti umuna wa aamuna awiri uzisakanizidwa pa ulendo umene zazikazi zingapo zabayidwa tsiku limodzi, m'malo mopha waumuna pa yaikazi iliyonse, ndipo kalabu yagwirizana ndi alimi ena a cha ku Chingale kuti azisinthana milamba yaimuna chaka chilichonse kutentha kusanayambe. Nsomba zobwerazo zizikhala m'damu lapadera kwa milungu ingapo zisanasakanizidwe ndi za pakhomo, ndipo damu limenelo likukumbidwa panopa.